Mbiri ya Amisiri a Injini ku Bangula ndi M'chigwa cha Shire

Nkhani ya pa wailesi ya alimi ndi mafumu a m'midzi

 Lero sitikamba za mbewu kapena za dibi la ng'ombe ai. Tikamba za munthu uja mumampeza pansi pa mtengo pamsika, malaya ali bii ndi oyilo, mutu uli m'kati mwa galimoto. Mumamutcha makaniko. Ambiri mumamkumbukira tsiku limene chigayo chaima, kapena pamene lole yodzatenga thonje yafera panjira. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti nzeru zakezo anazitenga kuti? Nanga amene anamphunzitsayo anaphunzira kwa yani? Nkhani imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inayambira pamtsinje wathu womwewu wa Shire. Tamverani tsono.

Injini yoyamba inadza pamadzi

M'mwezi wa January 1859 anthu a m'mbali mwa Shire anaona chinthu chimene makolo awo anali asanachionepo, ngalawa yachitsulo yofuka utsi, yokwera mtsinje popanda wopalasa. Inali sitima ya Dr. David Livingstone, dzina lake Ma Robert. Mfumu Tengani ndi anthu ake anaiimika kuti afunse za ulendo wake, ndipo atamvana anailola kupitirira. Inadutsa pamene Ruo amathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo ndi Bangula wa lero, nikafika ku mathithi a kumtunda kwa Chikwawa.

Injini ya sitima imeneyo sinali ya petulo kapena ya dizilo. Inali ya nthunzi. Ankasonkha moto wa nkhuni pansi pa chimphika chachitsulo chodzaza madzi, ndipo nthunzi ya madzi owirawo ndiyo inkayendetsa zopalasira. Ma Robert inali sitima yofooka, yodya nkhuni zambiri ndi yolowa madzi. Woyang'anira injini yake anali Mzungu wa ku Scotland, George Rae. Ogwira ntchito m'menemo poyamba anali anthu ochokera kumadzulo kwa Africa, koma pambuyo pake ntchitozo zinagwera Akololo amene anatsagana ndi Livingstone, omwe aja ena a iwo anadzakhala mafumu kuchigwa kuno.

M'chaka cha 1875 kunabwera sitima ina, Ilala, ya amishoni a Livingstonia. Itafika pa mathithi anaimasula chitsulo chimodzichimodzi, ndipo anthu mazanamazana a kuno anasenza zitsulozo mtunda wa mamailosi ngati 60, kufikira pamene mtsinje uyambanso kuyendeka. Kumeneko anailumikizanso, ndipo inalowa m'nyanja m'mwezi wa October chaka chomwecho. Olemba mbiri amati palibe chitsulo ndi chimodzi chomwe chimene chinatayika. Taonani tsono, makolo athu anayamba kudziwa injini poisenza pamutu.

Kampani ya African Lakes, imene tonse timaitcha Mandala, itayamba mu 1878, sitima zinachuluka pamtsinje, ndipo Chiromo inasanduka doko lalikulu. Ngakhale dzina lakale la Nsanje, Port Herald, linachokera ku sitima yankhondo ya Angelezi yotchedwa Herald, imene inalowa mu Shire mu 1890. M'sitima zimenezi munali makwerero a ntchito. Mnyamata ankayamba ndi kudula nkhuni, kenaka nkukhala wosonkha moto, kenaka wothira mafuta m'zitsulo, ndipo wakhama ankafika poimirira pambali pa mmisiri wa injini ndi kumpatsira zida. Panalibe buku, panalibe choko. Munthu ankaphunzira ndi maso, makutu ndi manja.

Njanji ndi makina a thonje

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a Shire anachepa, ndipo sitima zinayamba kukakamira pamchenga. Chifukwa chake anamanga njanji ya mamailosi 113 kuchokera ku Port Herald, kudzera pa Chiromo, kukafika ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Mu 1914 njanji inatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho waukulu wa Dona Ana unatha, kotero kuti sitima inkachoka ku Blantyre kukafika ku Beira osatsitsa katundu panjira. Bangula anakula chifukwa cha njanji imeneyi.

Njanji inali sukulu yachiwiri. Malo aakulu okonzera sitima anali ku Limbe, ndipo kumeneko kunali amisiri osula, odula ndi olumikiza zitsulo. Koma tisabise mawu. Kwa zaka zambiri ntchito zapamwamba, monga kuyendetsa sitima ndi kuyang'anira amisiri, zinali m'manja mwa Azungu ndi Amwenye. Munthu wakuda ankatha kuidziwa ntchito yonse, koma nkumalembedwabe ngati wothandiza, malipiro akenso a wothandiza. Ichi chinali chimodzi mwa zowawa za anthu a panjanji m'masiku amene ananyanyala ntchito mu 1960. Phunziro lake nali: nzeru ya m'manja yopanda chikalata imalemeretsa mwini ntchito, mwini nzeru nkutsala mmanja muli gwa.

Sukulu yachitatu inali thonje. Bungwe la British Cotton Growing Association, limene linayamba ku Manchester mu 1902, linaika kuchigwa kuno makina ochotsa njere m'thonje, ndipo m'kupita kwa zaka Bangula ndi Ngabu anadziwika ndi makina otere. Makinawo ankayenda ndi malamba ochokera ku injini imodzi yaikulu. Nyengo ya thonje ikatha, ankawamasula kuti awatsuke ndi kusintha zotha, ndipo nthawi imeneyo ndiyo inali ya maphunziro. Amene ankatsala pantchito anzawo atachotsedwa ndiwo ankaona m'mimba mwa makina.

Enanso anakaphunzira kunja. Anthu a kuno ankapita ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar m'mbali mwa Zambezi, ku doko la Beira, ku mapulazi ndi magalaja a ku Southern Rhodesia, ndi ku migodi ya ku Joni. Pobwera ena ankabwera ndi njinga ndi bulangete, koma ena ankabwera ndi chinthu chosatha msanga, ndicho luso logwira sipanala. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Galimoto ndi nkhondo ziwiri

Injini ya galimoto inabadwira ku Germany. Mu 1876 Nikolaus Otto anapanga injini yoyaka moto m'kati mwake momwe, yosafuna mphika wa nthunzi. Mu 1886 Karl Benz analembetsa galimoto yake ya mawilo atatu. Mu 1897 Rudolf Diesel anayendetsa injini imene mpaka lero mafuta ake timawatcha dzina lake. Ndipo mu 1908, chaka chomwe njanji yathu inafika ku Blantyre, Henry Ford wa ku America anatulutsa galimoto yotsika mtengo yotchedwa Model T.

Kuno kwathu galimoto inabwera pang'onopang'ono. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 malole anali owerengeka ndipo misewu inali yoipa, motero katundu wambiri wankhondo anayenda pamitu ya anthu a tengatenga, ndipo ambiri a iwo anafera panjira. Nkhondo itatha, malole a amalonda, a boma ndi a amishoni anayamba kutsika mapiri a Chikwawa ndi a Thyolo. Lole iliyonse inali ndi mnyamata wothandiza. Iyeyo ndiye ankapukusa handulo kuti injini ilire, ankathamanga ndi mwala kukatsekera mawilo pachitunda, ankatunga madzi a m'radiyeta ndi kumata machubu. Lole ikafa pakati pa tchire panalibe galaja, ndipo dalaivala ndi mnyamata wake ankagona pomwepo mpaka ataipeza nthenda. Madalaivala ambiri akale anachokera mwa anyamata amenewa, ndipo dalaivala wa masiku amenewo anali makaniko ndithu.

Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 inasintha zinthu. Amuna zikwizikwi a dziko lino analowa usilikali wa King's African Rifles ndi magulu ena, nakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Nkhondo imeneyo inali ya malole, ndipo asilikali anafuna madalaivala ndi okonza magalimoto ambiri msangamsanga. Sakanatha kudikira kuti munthu aphunzire zaka khumi poonerera. Chotero anawaika m'makalasi, nawaphunzitsa mwadongosolo dzina la chitsulo chilichonse, ntchito yake, ndi zoyenera kuyang'ana m'mawa uliwonse galimoto isananyamuke. Atabwerako, ambiri analembedwa ntchito ku boma, m'makampani, ndi ku mabasi a Nyasaland Transport Company amene anayamba mu 1947. Apa mpamene njira ziwiri zinakumana, ya kuonerera ndi ya m'kalasi.

Masiku a makampani ndi sukulu za umisiri

Amishoni anayamba kale kuphunzitsa ntchito zamanja. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Dr. Robert Laws anayambitsa mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza ndi za makina. Koma Livingstonia ndi kutali, ndipo mwana wa ku Bangula sankafikako kawirikawiri. Dziko litalandira ufulu mu 1964, makomo anayamba kutseguka. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo sukulu za umisiri monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete ndi Mzuzu zinkalandira anyamata. Wophunzira ankakhala miyezi ina m'kalasi, miyezi ina kukampani, kwa zaka zinayi. Panalinso mayeso a boma otchedwa Trade Test, oyambira Grade 3, kenaka Grade 2, kutsiriza Grade 1. Ubwino wa mayeso amenewo unali wakuti ngakhale munthu wophunzirira pagalaja ankatha kukayesedwa ndi kulandira chikalata.

Nthawi yomweyo makina anachuluka m'chigwa muno. Kampani ya Sucoma inayamba kupanga shuga ku Nchalo mu 1966, ndi mathirakitala, mapampu ndi malole ambirimbiri. Mu 1968 inayamba ntchito yotukula ulimi wa thonje ku Chikwawa, imene mu 1973 inakula kukhala ya chigwa chonse, likulu lake ku Ngabu. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo boma linali ndi PVHO yosunga ndi kukonza magalimoto ake. Panjanji napo, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, sitima za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa zamalasha.

M'malo amenewa munali mwambo wa ntchito. Galimoto iliyonse inali ndi buku lake, ndipo tsiku losintha oyilo likafika ankasintha, ngakhale injini ikulira bwino. Zida ankaziwerenga madzulo alionse. Boti iliyonse inali ndi muyezo wa kamangidwe kake. Mukapeza makaniko wachikulire amene amatsuka chitsulo asanachibwezere, ndipo amayala zomasula zake mundondomeko pansalu yoyera, mfunseni kumene anaphunzira. Kawirikawiri adzakutchulirani malo amodzi mwa amenewa.

Sukulu ya pansi pa mtengo

Kenaka zinthu zinatembenuka. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaonongedwa. Chaka chomwecho othawa nkhondo anayamba kusefukira m'boma la Nsanje, ndipo malole a chakudya ankapita usana ndi usiku ku misasa monga ya Nyamithuthu, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ndi anthu kuyamba kubwerera kwawo. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo pamene anthu anapatcha Mtayamoyo, ndipo sitima ya ku Limbe inaleka kufika ku Bangula. Anthu anayamba kuoloka pa mabwato ndi maboti a injini.

Chodabwitsa n'chakuti pamene malo akuluakulu ophunzitsira anali kuchepa, mainjini ndiye anali kuchuluka. Kuyambira 1994 maminibasi anadzaza misewu. Magalimoto ogwirapo kale ntchito anayamba kubwera kuchokera ku Japan. Zigayo za dizilo zinalowa m'midzi, mapampu othirira analowa m'madimba, ndipo m'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto za kabaza zochokera ku China ndi ku India zinafika paliponse. Nanga onsewa akonza ndani? Sukulu inasamukira pansi pa mtengo.

Kaphunziridwe kake mukukadziwa. Kholo limapita ndi mwana kwa makaniko nkumupereka. Miyezi yoyamba mwanayo ndi sipana boyi. Amasesa, amatsuka zitsulo m'beseni la petulo, amatumidwa kukagula gasiketi, ndipo amaphunzira kusiyanitsa sipanala ya 10, ya 13 ndi ya 17 osayang'ana nambala. Kenaka amamlola kumasula mawilo ndi kusintha oyilo, kenaka mabuleki ndi kabuleta. Chaka chachiwiri kapena chachitatu ndi pamene amatsegula injini yeniyeni, bwana ali chiimire pambali. Tsiku limene injini yomanga yekha yalira, ameneyo wakula.

Njira imeneyi tisainyoze. Ndi yomwe ija ya m'sitima za Mandala ndi ya anyamata a malole, ndipo imalandira mwana amene alibe fizi. Koma ili ndi zilema zitatu. Choyamba, wophunzira amatengera zonse za mphunzitsi wake, zabwino ndi zolakwa zomwe. Chachiwiri, amadziwa kuti chakuti amachita chotere, koma osadziwa chifukwa chake, motero akakumana ndi injini yachilendo amangoyesayesa, ndipo woyesedwayo ndi thumba lanu. Chachitatu, palibe tsiku lotsiriza, ndipo mwana wina amatsuka zitsulo zaka zisanu osalandira kanthu. Pofuna kukonza zotere, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa TEVETA mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, a m'sukulu ndi a m'magalaja omwe, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a umisiri m'maboma kuti maphunziro ayandikire kumidzi.

Chimene wophunzira ayenera kudziwa

Inu makolo simungayese mwana wanu ngati inu eni simudziwa kanthu. Tsono tamverani mwachidule. M'kati mwa injini muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika m'chibowo chake, monga munsi mumtondo. Imayenda maulendo anayi. Ulendo woyamba imatsika nkukoka mpweya wosakaniza ndi petulo. Wachiwiri imakwera nkupanikiza. Wachitatu pulagi imathetheka, moto nkuyaka, ndipo mphamvu ya motowo imakankhira pisitoni pansi. Wachinayi imakweranso kutulutsa utsi. Mwa maulendo anayiwa, umodzi wokha ndiwo umabala mphamvu.

Ya dizilo imasiyana pang'ono. Imakoka mpweya wokhawokha nkuupanikiza kwambiri, mpaka utatsala gawo limodzi la magawo 16 kapena 20 a malo amene unali. Mpweya wopanikizidwa chotero umatentha koopsa, ndipo dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Timabowo topopera dizilo n'tating'ono kwambiri, n'chifukwa chake dizilo wa m'zigubu wokhala ndi fumbi kapena madzi amapha chigayo msanga.

Chotero injini ikakana kulira, mmisiri weniweni sathamangira kumasula. Amafunsa mafunso mwandondomeko. Kodi batire ili ndi moto? Kodi mafuta akufika? Kodi mpweya ukulowa? Kodi pulagi ikuthetheka? Kodi pisitoni ikupanikiza? Amayang'ananso utsi. Utsi wakuda ndiye kuti mafuta achuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Utsi wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo. Utsi woyera wosaleka injini itatentha kale, madzi a m'radiyeta nkumachepa, ndiye kuti madzi akulowa mosayenera. Mfunseni mwana wanu zimenezi. Akayankha ndi zifukwa zake, akuphunzira. Akangoti abwana amatero, akadali kutali.

Kuchigwa kuno injini ili ndi adani atatu: kutentha, fumbi ndi madzi. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo injini yopanda madzi okwanira kapena ya lamba wa fani wokhwepa imapsa mtunda waufupi. Ikatentha musatsegule chitsekero cha radiyeta, pakuti madzi owira adzakuthirani kumaso, ndiponso musathire madzi ozizira msanga, pakuti chitsulo chimang'aluka. Madzi amatope a mumtsinje amatseka radiyeta, ndipo madzi amchere a m'mijigo yathu yambiri amaidya dzimbiri. Madzi a mvula osungidwa bwino aposa onsewa. Fumbi la m'chilimwe likalowa limapala pisitoni ngati mchenga, motero kuyendetsa njinga yamoto yochotsa sefa ndiko kutaya ndalama.

Injini yomira m'madzi

Mdani wachitatu tinamuona mu January 2015, mu March 2019, mu January 2022 pa namondwe Ana, ndi mu March 2023 pa namondwe Freddy. Madzi ataphwa, anthu anafukula m'matope zigayo, mapampu ndi njinga zamoto. Zambiri sizinafe ndi madzi ai. Zinafa tsiku limene mwini wake anayesa kuziliza.

Chifukwa chake nachi. Mpweya umapanikizika, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera nkupeza madzi pamwamba pake, chitsulo chimene chimaigwira chimapindika kapena kuthyoka. Tsono injini yomira musaiyatse. Chotsani batire. Khuthulani oyilo ndi mafuta onse. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Mmisiri achotse mapulagi, kapena zopopera dizilo, nkupukusa injini ndi dzanja kuti madzi atuluke. Asinthe masefa, aumitse mawaya, athire oyilo watsopano, ndipo ikalira kanthawi asinthenso oyiloyo. Ntchito imeneyi isachedwe, pakuti dzimbiri silidikira. Mudzi umene uli ndi munthu mmodzi wodziwa zimenezi umapulumutsa chuma chambiri.

Mawu kwa inu mafumu ndi alimi

Mbiri yatisonyeza chinthu chimodzi. Makina onse amene anafika kuno, kuyambira Ma Robert, anabwera ndi mmisiri wochokera kutali, ndipo phindu linatsala m'mudzi pokhapokha pamene mwana wa m'mudzimo anaphunzira kuwakonza. Mu 2020 inayamba ntchito yokumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene cholinga chake n'kufikitsa madzi othirira mpaka ku Bangula. Ulimi wothirira umadza ndi mathirakitala, mapampu ndi malole. Kodi okonza adzachokeranso ku Limbe, ana anu ali chikhalire pamsika? Tsono nazi zoti muchite.

Choyamba, mwana akamapita kwa makaniko, pakhale pangano pamaso pa a Nyakwawa. Mugwirizane zaka zimene adzakhale, zimene adzaphunzire chaka ndi chaka, amene adzampatsa chakudya, ndi nthawi imene adzayambe kulandira kangachepe. Lembani papepala, ndipo a mfumu akhale mboni. Nanunso makolo mumuthokoze mphunzitsiyo, pakuti akugawa chuma chake.

Chachiwiri, musamchotse mwana kusukulu kuti akagwire sipanala. Magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta m'kati, ndipo nthenda zina amazipeza ndi makina owerenga. Wosadziwa kuwerenga ndi masamu adzatsalira pa kumata matayala. Amene anaphunzira kale pansi pa mtengo apite kwa a zantchito kuboma kapena kwa a TEVETA akafunse njira yoyesedwera kuti alandire chikalata. Kumbukirani za anthu a panjanji aja, ndipo safunsa anadya phula.

Chachitatu, musasankhe anyamata okha. Kupeza nthenda ya injini kumafuna kudekha ndi kulingalira, ndipo atsikana ali nazo zimenezi mofanana ndi alongo awo. Amayi ndiwo amayenda mtunda chigayo chikafa, ndipo ndiwo ambiri m'makalabu a kudimba.

Chachinayi, inu a mfumu, wopempha malo a galaja kapena a chigayo mumpatse pamtunda pamene madzi a 2015 ndi a 2023 sanafike, kutali ndi chitsime. Oyilo wakutha asatayidwe m'dimba kapena mumtsinje. Lamba wa chigayo atchingidwe, pakuti amakola chitenje. Munthu asalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha popanda zipika, ndipo injini isalire m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Chachisanu, kalabu ikamagula pampu kapena chigayo, isankhiretu anthu awiri okaphunzira kasamalidwe kake makinawo asanafike. Pakhale buku lolembamo maola amene agwira ntchito ndi tsiku losintha oyilo, ndipo pa ndalama iliyonse yolowa muzipatula ina ya zokonzera. Pogula, funsani ngati zitsulo zake zimapezeka ku Nchalo kapena ku Limbe. Makina otchipa osowa zitsulo ndiwo odula koposa.

Potsiriza, lemekezani amisiri achikulire amene ali m'midzi mwanu, aja anagwirapo ntchito panjanji, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku makina a thonje. Ambiri akalamba, ndipo akapita adzapita ndi zonse zili m'mutu mwawo. Atumizireni ana akadali ndi mphamvu zogwira sipanala. A mfumu, pamsonkhano wanu wotsatira funsani kuti m'mudzi muno muli mainjini angati, ndipo odziwa kuwakonza ndi angati. Mukawerenga mudzadziwa nokha pamene pali ntchito.